Tijambule Mwaluso, Tisunge Mosamala

Sabata ino tikambirane za kujambula zithunzi, ntchito imene kale idali ya abambo okhaokha koma lero yagwera m'manja mwathu. Pa chinkhoswe, pa ukwati, pa tsiku limene ana akutuluka ku simba, ngakhale ku sikelo kumene, mudzaona mayi atakweza foni m'mwamba, ali kalikiliki kujambula. Kuyambira ku Ntaja mpaka ku Phalula, ku Ulongwe mpaka ku Nayuchi, zithunzi zikujambulidwa zambiri kuposa kale lonse.

Koma tapemphani mayi mnzanu kuti akuonetseni chithunzi cha mwana wake wa zaka 7 pamene adali wakhanda. Kawirikawiri adzakuyankhani kuti chidapita ndi foni imene idabedwa, kapena kuti khadi idafa. Chonsecho agogo ake a mwanayo, amene adajambulidwa kawiri kokha pa moyo wawo wonse, chithunzi chawo chikadali pakhoma mpaka lero. Tikujambula zambiri koma tikusunga zochepa, ndipo mwa zochepazo zambiri n'zakuda kapena zosaoneka bwino. Tikapanda kusamala, ana athu adzakula opanda chowakumbutsa ubwana wawo, ndipo adzukulu athu sadzatidziwa nkhope.

Kumene tachokera

Achikulire akukumbukira wojambula uja amayendayenda panjinga, kamera ili lende pakhosi. Filimu yake imatenga zithunzi 24 kapena 36 basi, ndipo amadikira kuti idzaze asanapite nayo kutauni kukatsukitsa. Munthu amatha masabata angapo asanaone nkhope yake, ndipo akapezeka kuti adatsinzina, ndalama yake idali itapita. N'chifukwa chake anthu a nthawi imeneyo amasamba, kudzola ndi kuvala zapansi pa sutikesi asanaime pamaso pa kamera, ndipo chithunzi chikabwera amachisunga ngati ndalama.

Kamera yosalira filimu adaipanga koyamba ndi Steven Sasson, wa ku kampani ya Kodak ku America, m'chaka cha 1975. Idali yolemera makilogalamu 3.6, ndipo imatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi chopanda mitundu pa tepi ya kaseti. Cha m'ma 2000 ku Japan kudatuluka mafoni okhala ndi kamera, ndipo filimu idayamba kutha ntchito kotero kuti mu 2012 kampani ya Kodak yomweyo idagwa ndi ngongole. Kuno kwathu, amayi ambiri akumudzi adakhala pamaso pa kamera ya mtundu umenewu mu 2017, pa kalembera wa ziphaso za unzika.

M'malo mwa filimu, kuseri kwa kagalasi ka kamera ya masiku ano kuli kachipangizo kodzaza ndi timadontho tosaoneka ndi maso, timene timamva kuwala. Timadontho 1 miliyoni ndito amatitcha megapikiselo imodzi. Kamera ya Sasson idali ndi timadontho 10,000 tokha, pamene foni wamba ya lero ili ndi mamiliyoni. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti kamera imadya kuwala monga mmene chimanga chimadyera mvula. Kukachepa, chithunzi chimafota. Kukachulukitsa, chimaonongeka.

Pogula foni kapena kamera

Ogulitsa amakonda kutikopa ndi manambala akuluakulu, ati foni iyi ndi ya mamegapikiselo 50, inayo 108. Musatengeke nazo. Mafoni ambiri otere amaphatikiza timadontho tinayi kapena kuposerapo kukhala kamodzi, ndipo chithunzi chimene amakupatsani chimakhala cha mamegapikiselo pafupifupi 12. Ndiponso chithunzi cha papepala cha masentimita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali, chija timaika mu alubamu, chimangofuna mamegapikiselo awiri kuti chituluke bwino. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanapereke ndalama, pemphani kuti muyese. Jambulani mnzanu amene mwapita naye, kamodzi panja ndi kamodzi m'sitolo momwemo, ndipo muone ngati nkhope yake ikuoneka monga mmene mumaidziwira.

Kuyesa kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Kwa zaka zambiri mafilimu amapangidwa poyesera khungu la azungu, motero munthu wakuda amatuluka ngati chithunzithunzi, mano ndi maso okha mbee. Kampani ya ku China ya Transsion, imene imapanga mafoni a Tecno ndi Itel, idatchuka mu Africa muno mwa zina chifukwa idakonza makamera ake kuti aziona bwino khungu lakuda. Makampani enanso atsatira, komabe mafoni amasiyana, choncho maso anu ndiwo akhale woweruza.

Samalaninso pogula memore khadi. Pali makhadi achinyengo olembedwa 64 GB kapena 128 GB pamene m'kati mwake malo ndi ochepa kwambiri. Khadi yotere imaoneka ngati ikulandira zithunzi, koma tsiku lofuna kuziona mumapeza zosatseguka. Ikatchipa modabwitsa, isiyeni. Khadi yeniyeni ya 32 GB imasunga zithunzi masauzande angapo, zokwanira banja kwa nthawi yaitali. Amene abambo akunyumba adawabweretsera kamera yeniyeni ya Canon, Nikon kapena Sony kuchokera ku Joni, aonetsetse kuti yabwera ndi batire ndi tchaja yake, pakuti zimenezi sizipezeka wamba m'misika yathu.

Kuwala ndiko mwini chithunzi

Kuno kwathu dzuwa silinyengerera munthu. Aliyense amene adayendapo mumsika wa Balaka masana a mwezi wa Okutobala akudziwa chimene ndikunena. Dzuwa likafika paliwombo, mithunzi imagwera m'maso ndi kunsi kwa mphuno, anthu amatsinzina, ndipo thukuta limanyezimira pamphumi. Nthawi yabwino yojambula panja ndi m'mawa isanakwane 8 koloko, kapena madzulo ikapitirira 4 koloko, pamene dzuwa lapendeka ndipo kuwala kwake n'kofatsa.

Koma ukwati sudikira madzulo. Mukakakamizika kujambula masana, fikani nawo anthu anu pamthunzi. Pansi pa mtengo wa mango pamafunika kuyang'anitsitsa, chifukwa dzuwa lodutsa m'masamba limasiya mawanga pankhope ngati nkhanga. Khonde ndilo labwino koposa. Muimikeni munthu pakhonde atayang'ana kunja, inu muime pabwalo, ndipo mudzaona khungu lake likutuluka losalala bwino.

Cholakwika chimene amayi ambiri amachita ndi kuimika munthu pakhomo kapena pazenera iwo ali m'nyumba. Kamera ikaona kuwala kwambiri kumbuyo imadzichepetsera yokha kuwala kumene ikulandira, ndipo nkhope imada bii. Zomwezi zimachitika munthu akavala zoyera kwambiri, monga diresi la ukwati kapena mkanjo wa pa Idi. Mankhwala ake ndi apafupi. Musanajambule, gwirani ndi chala pankhope ya munthuyo pagalasi la foni. Potero mwaiuza kamera kuti chofunika ndi nkhopeyo, ndipo idzayeza kuwala kuchokera pamenepo. Ngati mbali imodzi ya nkhope ikadali yakuda, mwana agwire nsalu yoyera cha mbali imeneyo kuti ibwezere kuwala.

Usiku, musadalire kwambiri fulashi ya foni. Mphamvu yake imathera pa mamita awiri kapena atatu, ndipo kupitirira apo mumangojambula mdima. Ndi bwino kuwasendeza anthu kufupi ndi babu la sola kapena nyali, kuwalako kukhale kutsogolo kwawo.

Manja, maso ndi miyendo

Foni ya mayi imakhala m'malo ambiri. Imamangidwa pamfundo ya chitenje, imagwiridwa ndi manja a mafuta ophikira, imagona pafupi ndi lichero la ufa. Zithunzi zambiri zooneka ngati muli nkhungu zimachokera pamenepa, foniyo ilibe mlandu. Zolowerani kupukuta kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa nthawi iliyonse musanajambule, koma muyambe mwauzira kuti mchenga uchoke, chifukwa mchenga umakanda galasi.

Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira nthiti, ndipo mudinize mofatsa osagwedeza. Kuwala kukachepa kamera imachedwa kutseka diso lake, motero kunjenjemera kwapang'ono kokha kumaononga chithunzi. Pamalo otere tsamirani khoma kapena mtengo.

Kutambasula chithunzi ndi zala ziwiri kuti munthu aoneke pafupi sikuthandiza pa mafoni ambiri, popeza kumangokuza timadontho tija ndipo chithunzi chimasweka. Sunthani miyendo, mufike pafupi. Malo amodzi okha amene langizo ili siligwira ntchito ndi pamene pali nyama zakuthengo. Nkhalango ya Liwonde, imene idakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, ili ndi njovu zambiri, ndipo mtsinje wa Shire uli ndi mvuu ndi ng'ona ngakhale kufupi ndi baraji ya Kamuzu. Njovu ikatulukira kumudzi kapena mvuu ikaonekera padooko, langizani ana anu kuti asathamangireko ndi foni. Palibe chithunzi choposa moyo.

Musanadinize, yang'anani kumbuyo kwa munthu amene mukumujambula. Maso athu amangoona wokondedwa wathu, koma kamera ilibe manyazi, imatola zonse, kaya ndi mbale zosatsuka, zovala zam'kati pachingwe, chimbudzi, kapena mtengo wa papaya wooneka ngati wamera pamutu pa apongozi. Kusuntha mapazi awiri okha kumakonza zonsezi. Pojambula mwana, gwadani kuti kamera ilingane ndi maso ake, chifukwa mukajambula mutaimirira mutu umakula, miyendo n'kufupika. Ngati mukujambula thupi lonse, musadule mapazi, makamaka ngati wavala nsapato zimene bambo ake atumiza kumene. Pojambula gulu, pingasani foni, aafupi akhale kutsogolo, ndipo mujambule katatu kapena kanayi, pakuti pagulu sipalephera wotsinzina.

Tijambule chiyani?

Ambiri timakumbukira kamera pa tsiku la chisangalalo lokha. Koma zithunzi zimene zidzakhale zamtengo wapatali zaka 30 zikubwerazi ndi za zinthu zimene lero tikuziona ngati zawamba. Jambulani agogo akusinja kapena akuumba mbiya, abambo akutola thonje, ana akupita kusukulu, nyumba yakale isanagwetsedwe. Okalamba athu asamadikire ukwati wa mdzukulu kuti ajambulidwe, chifukwa imfa siitanitsa.

M'maboma a Machinga ndi Balaka muli mabanja ambiri amene abambo ali ku South Africa kukasaka ndalama. Kwa banja lotere chithunzi ndi kalata. Bambo amene sadaone mwana wake akuyamba kuyenda amalimba mtima akaona chithunzi chowala bwino. Ngati mukumanga nyumba ndi ndalama zimene akutumiza, jambulani ntchitoyo pa gawo lililonse, pa maziko, pa mawindo, pa denga, mutaima malo amodzimodzi kuti kusintha kuoneke. Jambulaninso malisiti a simenti ndi malata, popeza inki ya malisiti ambiri imafufutika pakapita miyezi yochepa. Foni imalemba yokha tsiku limene chithunzi chajambulidwa. Mabanja ena adasokonekera chifukwa cha mabodza akuti mkazi akudya ndalama, pamene umboni wotere ukadatseka pakamwa pa akazitape.

Amayi a geni nawonso apindule. Kaya mumagulitsa mpunga wa kumadambo a nyanja ya Chilwa, matemba, nandolo kapena madiresi osoka nokha, yalani nsalu ya mtundu umodzi pakhonde, ikanipo katunduyo, ndipo mujambule ndi kuwala kwa usana. Musakometsere mitundu mopitirira, chifukwa wogula akalandira chosiyana ndi chimene adaona sabweranso.

Kusunga ndiye nkhani yaikulu

Makolo amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa nkhani ya zithunzi phanga limodzi ndilo livumbwitsa. Chithunzi chimene chili m'foni mokha chili pangozi tsiku lililonse, popeza foni imabedwa, imagwera m'ndowa, imapsa potchaja. Chithunzi chilichonse chofunika chikhale m'malo awiri kapena atatu.

Malo oyamba ndi memore khadi kapena kompyuta ya wachibale wodalirika. Khadiyo ikadzaza, ichotseni, muikulunge m'kapepala kolembedwa chaka, ndi kuisunga pouma. Malo achiwiri ndi pa intaneti. Aliyense amene ali ndi adiresi ya Gmail amapatsidwa malo aulere okwana 15 GB, ndipo Google Photos imatha kusunga zithunzi zanu kumeneko kotero kuti foni ikatayika mumazipezanso m'foni yatsopano. Zimadya bandulo, choncho sankhani zofunika zokha. Koma dziwani kuti chinsinsi chake chagona pa adiresi ndi pasiwedi. Amayi ambiri amawatsegulira ndi anyamata apamsika, ndipo amachoka osadziwa zimene zalembedwa. Lembani ziwirizi m'kope limene mumasunga mosamala, ndipo pasiwediyo muisinthe ikhale yodziwa inu nokha. Kuyambira kumapeto kwa 2023, Google idati itha kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa, motero muziitsegula nthawi ndi nthawi.

Musayese kuti chithunzi chimene mudatumiza pa WhatsApp kapena kuika pa Facebook ndiye kuti chasungika bwino. Potumiza, WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo mukadzafuna kuchikuza papepala chimatuluka chosweka. Chithunzi chimene mukufuna kukatsukitsa chitumizeni posankha HD, kapena ngati Document kuti chipite chathunthu.

Malo achitatu, amene ndi okhalitsa koposa, ndi pepala. Kamodzi pa chaka, mwina mukagulitsa zokolola kapena mukagawana za ku banki mkhonde, sankhani zithunzi 10 kapena 20 zabwino koposa ndi kukatsukitsa ku situdiyo. Kuseri kwake lembani mayina a anthu, malo ndi chaka, ndi pensulo yofewa kapena mopepuza dzanja kuti cholembera chisadinde kutsogolo. Zisungeni mu alubamu, kutali ndi chinyezi, chiswe ndi dzuwa. Pepala silifuna batire, silifuna netiweki, ndipo agogo osadziwa foni amatha kuligwira m'manja.

Komabe pepala nalo lili ndi adani. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 adakhudza maboma 15, kuphatikizapo Machinga ndi Balaka, ndipo namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 adagwetsa nyumba zambirimbiri m'chigawo cha kummwera. Pa ngozi zotere mabanja amataya zithunzi za makolo pamodzi ndi zikalata zofunika. Tsono foni ibwezere ulemu kwa pepala. Tengani zithunzi zakale zija zili m'sutikesi, muziyale pakhonde chimodzichimodzi, ndi kuzijambula foni italunjika bwino pamwamba pake, popanda fulashi. Chitani chimodzimodzi ndi ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala, masatifiketi a sukulu, mtchatho wa ukwati ndi mapepala a malo. Chithunzi sichilowa m'malo mwa chikalata chenicheni, koma chimathandiza kwambiri pokapempha china.

Ulemu usathawe

Kamera ikakhala m'manja, mwambo usachoke m'mutu. Pemphani musanajambule munthu, ndipo pemphaninso musanatumize chithunzi chake kwa ena. N'zomvetsa chisoni kuti masiku ano anthu ena amamva za imfa ya m'bale wawo poona chithunzi cha ngozi pafoni, amwini maliro asanatumize uthenga. Wodwala ali pamphasa, wovulala pamsewu, ndi mtembo, si zojambula. Za kusimba zitsale kusimba. Ana asajambulidwe ali maliseche ngakhale akusamba, chifukwa chithunzi chikachoka m'manja mwanu simudziwa kumene chikafike.

Pali nkhani inanso imene tiyenera kuuzana ife amayi patokha. Abambo akakhala kutali, ena amapempha zithunzi za kuchipinda. Ganizani kawiri, amayi. Foni imabwerekedwa, imapita kwa okonza, imagulitsidwa, ndipo chikondi chimene chilipo lero chikhoza kusanduka chidani mawa. Madzi akatayika saoleka. Amene wina akumuopseza kuti amuyalutsa ndi zithunzi asavutike yekha mumtima. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 loona za intaneti limene limaletsa kuzunza ndi kuopseza anthu kudzera pa foni kapena kompyuta, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza anthu ochitidwa nkhanza. Popereka foni kwa okonza, yambani mwachotsa memore khadi.

Tiphunzitsane

Luso limeneli silifuna sukulu yapamwamba. Mutu umodzi susenza denga, choncho magulu amene tili nawo kale, a banki mkhonde, a kumpingo ndi a kumzikiti, akhoza kupatula theka la ola pa misonkhano inayi. Tsiku loyamba phunzirani za kuwala, pojambulana padzuwa, pansi pa mtengo ndi pakhonde, kenaka n'kufananitsa. Lachiwiri likhale la kagwiridwe ka foni ndi kaimikidwe ka anthu. Lachitatu aliyense abwere ndi zithunzi zakale ndi zikalata kudzazijambula. Lachinayi muthandizane kusunga ndi kulemba mapasiwedi, aliyense m'kope lake. Mukhoza kupempha wojambula wa m'dera lanu kuti adzakuongolereni, ndi kumuthokoza ndi kangachepe. Amene alibe foni ya kamera asatsalire, anzake amujambulire ana ake ndipo atsukitsire limodzi.

Musawasiye kunja ana aakazi. Ku Balaka komwe kuno kuli Montfort Media ndi wailesi ya kanema ya Luntha, umboni wakuti kamera ndi ntchito imene munthu angadyere. Pa zikondwerero za amayi okhaokha, monga zolangiza mkwatibwi, ambiri amamasuka akamajambulidwa ndi mkazi mnzawo, ndipo mtsikana waluso akhoza kupezapo ya sopo ngakhale ya fizi.

Tsono sabata ino, amayi anzanga, chitani zinthu ziwiri. Pukutani kagalasi ka foni yanu ndi kuwajambula achikulire a pakhomo panu atakhala pakhonde, m'mawa dzuwa lisanakwere. Mukatero, sankhani zithunzi zimene mungalire nazo foni itatayika lero, ndipo muzipezere malo achiwiri lisanathe Lamulungu. Amene muli ndi mafunso pa nkhaniyi, lemberani ku tsamba lino ndipo tidzayankha. Tsalani bwino.